Nyimbo Imene Kafil Anaitumiza Kutsidya la Nyanja

Kafil Uddin anali atagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pa yadi yophwanyira sitima ku Sitakunda, koma nsapato zake zinali zisanalaweko thope. Anzake ankamuseka nazo. Pagombe lonse lija, pomwe sitima zokalamba za maiko onse zimabwera kudzafera, munthu sungaponye mapazi khumi osatitimira mpaka m'mawondo. Koma iye ankangotsika galimoto pamsewu, kulowa pageti, kukwera masitepe a ofesi, kwatha. Anali mneneri wa kampani, ndipo khasu lake linali pakamwa ndi cholembera.

Bambo ake anali mphunzitsi wa pulayimale, munthu wouma mtima yemwe ankakhulupirira kuti mwana wolankhula bwino sagona ndi njala. Kafil anakula akulota zodzakhala muulutsi wa pa wailesi. Anakayesa mayeso a mawu kawiri, ndipo maulendo onse awiri anamubweza, amvekere lilime lake likununkha chiyankhulo cha kugombe. Zinamupweteka moti sankafuna n'komwe kuzikamba. Anakalowa pa nyuzipepala ina yaing'ono mu Chittagong monga wokonza zilembo zolakwika, ndipo ndi komweko komwe a Haji Solaiman, eni ake a yadi ija, anakamutola.

Ntchito yake inali ndi mbali ziwiri, ndipo iye ankazilekanitsa ngati mpunga ndi mankhusu. Mbali yoyamba inali mawu a m'dziko. Wantchito akafa, pakuti ankafa ndithu, wina kugwa kuchokera pamwamba pa sitima, wina kupsa ndi gasi, Kafil ankanyamula bokosi la maswiti a mkaka ndi nsalu yabwino n'kuyamba kuzungulira atolankhani. Ankadziwa yemwe mkazi wake akudwala, yemwe mwana wake akufuna malo kusukulu. Akapezeka wamakani n'kulemba, Kafil ankalawirira pa depoti, kukagula mtolo wonse wa nyuzipepala usanamasulidwe, n'kukautentha kuseri kwa yadi. Mbali yachiwiri inali mawu a kunja: timabuku tonyezimira ta Chingerezi, todzaza zithunzi za antchito atavala zipewa zolimba zomwe ankabwereka tsiku lojambula lokhalo. Timabukuto tinkapita kwa azungu ogulitsa sitima, ndipo palibe munthu wa kuno anatigwirapo. Kafil ankakonda kunena kuti chopita kutsidya la nyanja sichibwerera.

Sindikuti anali munthu woipa, ayi. Anali bambo wa ana aakazi awiri, Rumki ndi mng'ono wake, wopemphera nthawi zake, wosakalipira mkazi. Kungoti anali atazolowera, ndipo kuzolowera kumapha manyazi.

M'chaka cha 2006 anabwera Imtiaz, mwana wa a Haji, kuchokera ku sukulu ku London, tsitsi lopaka mafuta, kompyuta m'chikwama. Tsiku loyamba lomwe anatola kabuku kamodzi ka Kafil, kukatembenuza, n'kukaponya pansi. Anati zimenezi zinatha kale, masiku ano kampani yolemekezeka imakhala ndi bulogu, tsamba la pa intaneti lomwe umalembapo sabata ndi sabata ngati ukucheza ndi mnzako. Anatinso kwabwera china chotchedwa podikasiti, yomwe ndi wailesi yako wekha: umajambula mawu, kuwaika pa intaneti, wofuna n'kumvera nthawi yomwe wafuna. Kafil anali atakonzeka kale kumuda mwanayu. Koma atangomva mawu akuti wailesi, mtima wake unadumpha.

Anamupatsa kamakina kojambulira mawu, kochepa ngati sopo. Abale inu, munthu wa zaka makumi asanu uja anasanduka mwana. Anatenga kachipinda kosungiramo katundu, kukhoma matiresi ochotsa m'sitima m'makoma monse kuti phokoso la nyundo lisalowe, n'kumadzitsekera m'menemo akuwerenga Chingerezi chake. Kunyumba ankayeserera pamaso pa mkazi wake, Jinnat, mpaka mayiyo kudandaula kuti bambo a Rumki mwayamba kulankhula ndi mphuno ngati mwagwidwa chimfine. Iye sizinkamukhudza. Wailesi yomwe inamukana kawiri ija inali itabwera yokha pakhomo.

Chinasowa ndi nyimbo yotsegulira pulogalamu. Imtiaz anati nyimbo za pa kaseti zili ndi eni ake, azungu amasumirana pa zimenezo, bola kupeza kanthu ka pa yadi pomwepo. Ndiye tsiku lina m'mawa Kafil anavula nsapato, kupinda buluku, n'kutsikira m'thope koyamba pa moyo wake.

Sitima ikadulidwa ndi moto wa gasi, zitsulo zake zophwatalala zimanyamulidwa pamapewa kupita kumtunda. Chitsulo chimodzi chimakhala chachikulu ngati chitseko cha sitolo, cholemera kuposa ng'ombe zitatu, m'mbali mwake muli mwakuthwa. Amachinyamula amuna makumi awiri, pafupifupi onse ochokera kumpoto komwe mtsinje unawadyera minda. Pambali pawo pamayenda munthu mmodzi wosanyamula kanthu, woyambitsa nyimbo. Iyeyu ndiye mwini miyendo yawo. Akayimba mzere, iwo amavomera kuti heiyo n'kuponya phazi limodzi. Chovuta kwambiri ndi kutula: onse ayenera kutaya phewa pa kamphindi kamodzi, pa mawu amodzi, apo ayi chitsulo chimapendekeka n'kudula munthu. Ndipo pali mwambo wakale woti woyimba pambali pa chitsulo amayimba chilichonse chomwe chamubwerera. Atha kutukwana kapitawo, kunyoza mpunga wa kukantini, kutchula mkazi wa mwini. Palibe amamuimba mlandu, chifukwa aliyense amadziwa kuti nyimbo zimenezi zimathera m'thope momwemo.

Pa yadi ya a Haji panali oyimba asanu ndi awiri, gulu lililonse wake. Kafil anawayendera onse, koma atafika pa Moyez anaima. Anali munthu wamfupi, wakuda, wa dzino limodzi lothyoka, wosaoneka ngati kanthu. Koma mawu! Ankachokera pansi pa mimba, n'kukwera, n'kudutsa phokoso lonse la makina. Kafil anayatsa kamakina kaja.

Masabata awiri m'mbuyomo thanki ya mafuta ya sitima ina inali itaphulika muli anthu. Kafil yemweyo ndiye analemba chikalata cha atolankhani chonena kuti wafa munthu mmodzi, ndipo kampani yatumiza thupi kwawo mwaulemu. Tsono Moyez ankayimba kuti:

Habil wa ku Sariakandi, bwana akuti wathawa,
athawa bwanji munthu atam'manga chitsulo m'chiuno?
Jobed ndi Sekandar, musawafune kumsika,
madzi pobwerera anapita nawo.
Tinalowa anayi, kumudzi kwapita mmodzi.

Musaganize kuti Kafil sanamve. Anamva bwinobwino, dzina lililonse, ndipo sizinali zachilendo kwa iye. Kungoti m'mutu mwake nyimboyi inali kale m'gulu la mawu a kunja, limodzi ndi timabuku tonyezimira tija.

Atatula chitsulo, Moyez anabwera akupukuta thukuta ndi nsalu ya pakhosi, n'kuloza kamakina.

"Bwana, kanthu kanuko kamva zonse?"

"Kamva."

"Ndiye a Haji amvanso?"

"Amva bwanji a Haji? Izi zikupita kwa azungu, kutsidya la nyanja. Kumeneko chiyankhulo chathu amachimva ngati kulira kwa mbalame."

"Lumbirani, bwana."

Kafil anaseka, n'kulumbira kuti pali ana ake awiri, palibe chidzamuonekere. Anamugulira tiyi ndi bisiketi pakantini, Moyez n'kumwa ali chiimire, chifukwa kukhala pabenchi limodzi ndi munthu wa mu ofesi kunkamuchititsa manyazi.

Pulogalamu inatuluka. Inkayamba ndi Moyez kwa mphindi yathunthu, kenako Kafil n'kulowa ndi Chingerezi chake, kulandira omvera onse ku yadi yosamala miyoyo ya antchito. Imtiaz, yemwe chiyankhulo cha kumpoto chinkangomudutsa, anati nyimboyo ndi yokoma zedi. Kwa masabata asanu ndi limodzi kunali zii. Kafil ankatsegula kompyuta m'mawa uliwonse kuona omwe amvera, n'kupeza awonjezekera awiri, atatu, iye n'kumasangalala ngati wabereka mwana wamwamuna.

Chimene sanachiganize n'choti intaneti ilibe kutsidya. Nthawi imeneyo ana asukulu ku Dhaka anali atangoyamba kulemba mabulogu m'chiyankhulo chathu chomwe. Mmodzi wa iwo, wobisa dzina, anakumana nayo pulogalamu ija, n'kukhala pansi kulemba mawu a nyimboyo mzere ndi mzere, n'kufunsa kuti kodi anthu atatuwa ndani. Patapita masiku awiri, munthu wina wogwira ntchito ya zomangamanga ku Dubai anayankha pansi pake. Anati iye ndi mkulu wake wa Habil, kampani inauza banja kuti anathawa ntchito, ndipo mayi awo akumusungirabe mpunga wake tsiku ndi tsiku. Kuchokera apo nkhani inayaka ngati moto wa m'chilimwe. Aliyense ankakopera nyimboyo n'kuiika patsamba lake.

Kafil anaichotsa pa bulogu ya kampani m'mawa womwe anamva, koma kunali kutseka khola mbuzi zitatuluka. Anagula bokosi la maswiti mwachizolowezi, kutuluka nalo panja, n'kuima pamsewu. Apite nalo kwa yani? Wolemba uja analibe ofesi, analibe mkonzi, analibe nkhope. Anabwerera nalo bokosilo n'kuliika patebulo.

A Haji anaitana Kafil ndi Imtiaz Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo. Anali nkhalamba ya ndevu zofiira ndi utoto wa hina, yolankhula motsitsa ngati ikupemphera, ndipo ndi kutsitsa mawu komweko komwe anthu ankakuopa. Kumbuyo kwawo kunaima Lokman, kapitawo wamkulu, chimunthu cha khosi ngati la ng'ombe, yemwe kale anali wodula zitsulo mpaka moto unamudya zala ziwiri. A Haji anamvetsera zonse, n'kulavula malovu ofiira a masamba otafuna m'kachitini. Kenako anauza Kafil kuti apite akagule makope onse, monga amachitira nthawi zonse.

Imtiaz anaseka. Linali phuma la mwana, koma mbama yomwe analandira kwa bambo ake inamveka mpaka kwa mlonda pageti. Madzulo a tsiku lomwelo anali m'galimoto kupita ku Dhaka kwa azakhali ake, ndipo nkhani yake inathera pomwepo. Nkhuyu zodya mwana zinatsala kupota akulu.

Kafil anayesa kufotokoza kuti chinthuchi chilibe mtolo, chili paliponse nthawi imodzi. A Haji anafunsa kuti nanga chinachokera kuti. Kafil analoza kompyuta ya patebulo pake. Lokman anatuluka, kubwera ndi chitsulo chotalika ngati mkono, n'kuitswanya kompyutayo mpaka magalasi kuwaza chipinda chonse. Wina atanena kuti anyamata akuimverabe nyimboyo pa kasitolo ka intaneti kumsika wa Bhatiary, Lokman anatenga anthu ake anayi n'kupita komweko. Anaphwanya makompyuta onse asanu ndi atatu, ndipo mwini sitolo, mnyamata wongokwatira kumene, anamugulula mano a kutsogolo pomwe ankayesa kutchinga ndi thupi lake. Atabwerera akunyada kuti ntchito yatha, foni ya mu ofesi inalira. Anali mtolankhani wa ku Dhaka, ndipo m'malo mopereka moni anangoika nyimbo ija pafoni kuti a Haji amve.

A Haji anaika foni pansi pang'onopang'ono. Anati chabwino, ngati nyimbo singagwidwe, pakamwa pomwe inatuluka pangagwidwe, atolankhani asanapapeze. Anatembenukira kwa Kafil.

"A Kafil, mawu amenewa ndi a ndani?"

Kunena zoona, iwo ndi Lokman yemwe sakanatha kusiyanitsa. Zaka zonsezi oyimba aja ankangowamva ngati phokoso la makina, ndipo anthu akumpoto onse atafunsidwa anati kamakina kamasintha mawu, sangadziwe. Wodziwa anali mmodzi. Kafil anayankha kuti anajambula magulu ambiri tsiku limenelo, waiwala.

Lokman anatseka chitseko. Anayamba ndi makofi, kenako anatenga chidutswa cha waya wokokera sitima, wa nsonga zomasuka ngati tsache. Kafil anali asanamenyedwepo chichokereni m'manja mwa bambo ake. Chikoti choyamba chinang'amba malaya ndi khungu pamodzi, ndipo analira mokweza, wosachita manyazi. Anagwa, kukwawira pansi pa tebulo, Lokman n'kumukoka mwendo. Chibakera china chinatera pakhutu lamanja, mkati munaphulika kanthu, magazi n'kuyamba kutsikira m'khosi. A Haji anali phee pampando, akungofunsa funso lomwe lija pakapita kanthawi, mwaulemu, osasiya kumutchula kuti a Kafil. Pomaliza Lokman anatsegula dirowa, kuikamo zala za dzanja lolembera, n'kuitseka ndi bondo.

Sanatchule. Iye mwini zinamudabwitsa. Nthawi yonseyi dzina linali pa nsonga ya lilime, ndipo ankangoti akamenyanso kamodzi ndinena, koma akamenya ankaona munthu uja akumwa tiyi ali chiimire, n'kumeza dzinalo pamodzi ndi magazi. A Haji anati apite kunyumba akakumbukire bwino, abwere mawa m'mawa. Analamulanso kuti geti litsekedwe, wantchito aliyense asatuluke.

Jinnat atamuona pakhomo sanakuwe. Anathamangitsa ana kwa aneba, kutereka madzi, n'kuyamba kumatula malaya pa mabala. Atamva nkhani yonse anafinya nsalu mwamphamvu.

"Bambo a Rumki, munthu ameneyu ndi mbale wanu?"

"Ndinalumbira pa ana."

"Ndiye anawo mukufuna akule opanda bambo chifukwa cha lumbiro? Zaka zonsezi mwakhala mukubisa anthu akufa, lero mwati muyambe chilungamo ndi wamoyo? Mutchuleni, angomuchotsa ntchito."

Kafil anati sangomuchotsa ntchito, ndipo onse awiri ankadziwa kuti akunena zoona. Jinnat analira tsopano, akumutukwana kuti ndi chitsiru chofuna kutchuka ndi wailesi pa ukalamba, uku akumumanga zala ndi timitengo. Kafil anatuma mlamu wake kuti akayese kupereka uthenga kwa Moyez kuti athawe podzera kunyanja madzi akaphwa. Mlamuyo anabwerako n'kunena kuti anthu a Lokman azungulira mpanda wonse, ngakhale kugombe.

M'mawa anapeza pabwalo la yadi ataika mipando iwiri ndi ambulera wamkulu. Wina unali wa a Haji, winawo wa iye. Kamakina kake kaja anali atakalumikiza ku chinkuzamawu choitanira antchito, ndipo mawu a Moyez ankamveka yadi yonse, kutchula Habil, Jobed, Sekandar, kutha n'kuyambiranso. Antchito mazanamazana anakhala m'thope, mitu pansi.

Lokman anaimika oyimba asanu ndi awiri aja pamzere n'kuwauza kuti aliyense ayimbe. Oyimbawo anali atapangana. Woyamba anayimba mosasa ngati chule, wachiwiri ngati wadwala chifuwa, onse chimodzimodzi mpaka womaliza. Anthu ena m'thope muja analephera kudzigwira, anaseka. Lokman anawakwapula ndi waya oyimbawo, mmodzimmodzi, kumsana ndi kumiyendo, koma mawu anakhalabe a achule.

Koma Lokman anakulira pa yadi, ndipo ankadziwa pomwe nyimbo singaname. Anaitana gulu loyamba n'kulamula kuti linyamule chitsulo chachikulu koposa. Atachikweza pamapewa anati aime pomwepo, osayenda, osatula, woyimba atseke pakamwa. Dzuwa linali litakwera. Mphindi zinapita. Chitsulo chinayamba kutentha, mapewa kunjenjemera, miyendo kutitimira m'thope mosafanana. Ataona kuti mawondo ayamba kugwedera, Lokman anauza woyimba wa gululo kuti tsopano awatule.

Woyimbayo anali mkulu wa imvi, dzina lake Tofazzal. Anafuna kusunga pangano, anayamba ndi mawu a chule aja. Anthu otopa, makutu akulira, sanamve pomwe mzere ukuthera. A kutsogolo anataya phewa, a kumbuyo akadali chigwirire. Chitsulo chinapendekeka, kutsetsereka, n'kutera pa phazi la munthu wina wa pakona. Chinalidula ngati mpeni pa nkhaka. Munthuyo anayang'ana phazi lake lili palokha m'thope, kenako ndiye anayamba kukuwa.

A Haji anaweramira kwa Kafil, kukhutu lomwe linali likumvabe.

"Phazi ilo mwadula ndinu, a Kafil. Magulu atsala asanu ndi limodzi."

Kafil anasanza pakati pa miyendo yake. Apa ndiye anasowa pogwira. Akatchula wapha Moyez, akakhala chete akudula anthu osalakwa, ndipo zonsezi anazibweretsa ndi iye yemwe, ndi kamakina kake ndi kufuna kumveka. Anakhala chete, ndipo mpaka lero sadziwa ngati kunali kulimba mtima kapena mantha.

Pangano linathera pa phazi lija. Woyimba wachiwiri anayimba ndi mawu ake enieni, misozi ikutsika, gulu lake n'kutula bwino. Lokman anayatsa chinkuzamawu, kumvetsera, n'kupukusa mutu. Wachitatu chimodzimodzi, wachinayi chimodzimodzi. Aliyense pabwalopo ankaona komwe zikulowera.

Gulu lachisanu linali la Moyez. Anthu ake makumi awiri anakweza chitsulo, magazi a mnzawo akadali m'mbali mwake. Moyez anaima pambali pawo, msana uli mikwingwirima. Anayang'ana Kafil kamodzi kokha, osati mokwiya, koma ngati munthu amene akuyang'ana mwana woti wathyola chinthu osadziwa mtengo wake. Sanadikire kuti Lokman amulole, sanadikire kuti anthu ake ayambe kunjenjemera. Anakoka mpweya n'kuyamba, ndi mawu ake onse, nyimbo yomwe ija.

Anatchula Habil. Gulu linavomera heiyo. Anatchula Jobed ndi Sekandar, ndipo ulendo uno anavomera ndi anthu onse okhala m'thope aja, motsitsa, mitu ili chiweramire. Anayenda nalo gulu lake mapazi khumi kufika pouma, pomwe munthu sangaterereke, n'kulitula. Chitsulo chinagona pansi mofatsa, osakhudza chala cha munthu.

Lokman sanavutike n'kuyatsa chinkuzamawu. Anthu ake anamugwira Moyez manja n'kumugwetsa chagada pa chitsulo chomwecho. Kafil anadzuka pampando, kuthamanga mopepesuka, akukuwa kuti wolakwa ndi iye, ndiye anajambula, ndiye anatumiza, munthuyu sanadziwe kanthu. Palibe ndi mmodzi yemwe anacheuka. Wina anangomukankha pachifuwa, iye n'kukhala pansi m'thope. Ali pomwepo anaona zidendene zikutsika pa nthiti, anamva zikuthyoka. Kenako Lokman anatenga chitsulo chake chophwanyira makompyuta chija, kuchigoneka chopingasa pakhosi pa Moyez, n'kuchiponda mbali zonse ziwiri ndi thupi lake lonse.

Antchito ena anadzuka, koma alonda anali ndi mfuti, ndipo anthuwa kwawo n'kutali. Anakhalanso pansi. Pageti panali lole yodzaza zidutswa za zitsulo yopita kumpoto. Anamuponya pamwamba pa katunduyo, kumufunditsa chisaka, lole n'kunyamuka. Kafil akuti anaona mwendo umodzi ukugwedezeka, koma mwina kunali kugwedezeka kwa galimoto.

Ntchito inayambiranso itatha nthawi ya chakudya. A Haji anaitana Kafil ku ofesi, kumupatsa madzi ozizira ndi thawulo, n'kumuuza kuti popeza dziko lonse likumvera wailesi yake, aliuze dzikolo zoona. Anamuuza zoti alembe, iye n'kulemba ndi dzanja lamanzere, zilembo zokhota ngati za mwana wa sitandade wani. Kompyuta ya m'chikwama ya Imtiaz inali itatsala, ndiye Lokman anamuperekeza ku kachipinda ka matiresi kaja, n'kuima pakhomo.

Kafil anawerenga, m'Chingerezi kenako m'chiyankhulo chathu, kuti nyimbo yomwe yavutitsa anthu ndi nyimbo yakalekale ya asodzi, maina ake ndi ongopeka. Anati Habil, Jobed ndi Sekandar anasiya ntchito mwa kufuna kwawo. Anati woyimbayo anali munthu wongodutsa pagombe, kampani simudziwa, ndipo pa yadi pano antchito onse ali bwino. Ulendo woyamba mawu anamuthawa pa dzina la Habil. Ulendo wachiwiri analira. Lokman anati abwereze, nthawi ilipo. Ulendo wachitatu anawerenga bwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mawu osalala, opanda fungo la kugombe ngakhale pang'ono.

Atolankhani anabwera sabata yotsatira, anapeza zipewa zolimba pamitu ya anthu, ndipo palibe wantchito anatsegula pakamwa. Mabulogu anakalipa mwezi umodzi, kenako kunagwa nkhani zina. Kafil anakhalabe pa yadipo zaka zina zisanu, mpaka ana ake onse awiri anakwatiwa, pamenepo n'kupuma. Pano amakhala ku Bhatiary, amamvera khutu limodzi, ndipo zala zitatu za dzanja lamanja sizipinda.

Masana ambiri mumupeza pa kantini ya madalaivala a malole, m'mbali mwa msewu waukulu. Akaona dalaivala wachikulire amamugulira tiyi, kucheza naye za mitengo ya mafuta, kenako n'kufunsa ngati mu 2006 ananyamulapo zitsulo kupita kumpoto pali munthu pamwamba, atamufunditsa chisaka. Madalaivala anamuzolowera, ena amamuseka, ena amangopukusa mutu. Iye safunsa zambiri. Amangofuna wina amuuze ngati lole ija inakatsitsa munthu kapena mtembo.